Orest Sankagwa Yekha

M'tauni mwathu munalibe amene sankadziwa kuti Orest Pawluk sagwa yekha. Anasewera hoke, masewero a ndodo a pa ayezi, m'timu ya kwathu kuyambira ali kamnyamata mpaka imvi zitamera, ndipo akangomva kuti miyendo yamuthawa, dzanja lake linkapita lokha pa juzi ya munthu amene ali pafupi. Kaya wa timu ina, kaya wa timu yake, kaya woimbira, onse ankapita naye pansi. Chaka china pa masewero a tchalitchi anagwetsa wansembe. Anthu ankamukondera zomwezo, ndipo mpaka lero ana akakokerana pansi pa ayezi amati, "Wandichita za Orest."

Mkazi wake Lorna ankaphunzitsa kuvina pa ayezi m'bwalo lomwelo. Bwalo tili nalo limodzi basi, ndiye a hoke ndi ovina amagawana maola, n'kumanyozana pakhomo ena akamatuluka ena akulowa. Orest anakwatira mphunzitsi wa ovina, inde, koma nsapato za ovina anali asanavalepo n'kamodzi komwe. Ankati mpeni wotsetserekera wa pansi pa nsapato uzikhala wosalala ngati wa hoke, osati wa mano kutsogolo ngati macheka. Zikwama ankamunyamulira mkazi wakeyo, galimoto ankamutenthetsera m'mawa, m'manja ankawomba ndithu, koma kuvinako ankati n'kwa atsikana ndi Emile.

Emile ameneyu anali wa ku positi, bambo wowonda, wofatsa. Chaka chilichonse mu Malichi, asanazimitse makina oziziritsa bwalo kuti ayezi asungunuke, kalabu ya ovina imachita chionetsero. Ana amavina magulumagulu, makolo n'kumajambula, ndipo pomaliza mphunzitsi amavina ndi mnzake mmodzi. Awiriwo akatuluka, palibenso wopondapo mpaka chisanu china. Gule wotsirizayo Lorna ankavina ndi Emile zaka zonsezi, Orest ali pa benchi ndi kapu ya khofi.

Chaka chimene ndikunenachi, Lorna anali atangochira opaleshoni. Ku chipatala cha mumzinda wa Saskatoon anamuika chitsulo m'chiuno, mbali ya kumanzere. Dokotala sanamuletse ayezi, poti anaona kuti kumuletsa n'kutaya nthawi. Anangomuuza kuti azitsetsereka pang'onopang'ono, koma asagwere mbali imeneyo, chifukwa akadzagwera mwina ndodo sadzaisiyanso. Kenako, nthawi yokolola tirigu, Emile anamwalira.

Chisanu chitayamba, Lorna anauza kalabu kuti chaka chimenechi n'chake chomaliza kuphunzitsa, ndipo Bernice, woyendetsa basi ya sukulu amene ankamuthandiza, ndiye adzatenge ntchitoyo. Anatinso gule wotsiriza chaka chino kulibe, poti wovina naye palibe. Orest anazimvera pa tebulo m'mawa, Lorna akuzinena ngati akunena za mphepo. Sanalire mayiyo, koma kagawo kamodzi ka buledi anakapaka batala mbali zonse ziwiri osadziwa. Orest anamva chisoni, ndipo chisoni chinkamulankhulitsa asanaganize.

"Ndivina nanu ine."

Lorna anaika mpeni pansi.

"Inu? Amene munagwetsa wansembe uja?"

"Wansembeyo anaima polakwika."

"Orest, mwamva zimene ananena dokotala. Ine sindikuopa kugwa kwanga. Ndikuopa kugwa kwanu."

"Ine pa ayezi ndinayamba kuyendapo ndisanadziwe kulankhula."

"N'chifukwa chake mukuvuta. Mwana amabwera wopanda kanthu m'mutu, inu mubwera ndi hoke yodzadza." Anamuyang'ana kanthawi, n'kuona kuti munthuyo sakuseka. "Chabwino. Loweruka m'mawa, kalasi ya oyamba kumene. Ndikadzaona kuti mukutha kugwa nokha, tidzakambirana za gule."

Madzulo ake Lorna anatulutsa bokosi m'kabati. Munali nsapato zakuda za Emile, zimene mkazi wa malemuyo anamupatsa pambuyo pa maliro. Zinali zakale koma zosamalika, chikopa chofewa, mipeni yopanda dzimbiri. Zinamukwana Orest ngati anachita kumuyeza. Lorna anazisisita kaye asanazipereke, ndipo anangoti, "Muzizipukuta mukavula."

Loweruka linafika. Oyamba kumene anali tiana tovala zipewa zolimba zazikulu kuposa mitu yawo, tina tikukankha mipando kuti tisagwe. Orest anaona kuti awa ndi oti aonetsedwe mmene amuna amalowera m'bwalo. Anaweramira kutsogolo monga amachitira a hoke, n'kuponya phazi mwamphamvu. Mano a nsapato analuma ayezi, nsapato inaima, mwini wake sanaime. Anagwa chafufumimba, ndipo popita pansipo dzanja linapeza jekete la Bernice. Bernice ndi mayi wathupi, ndiye kugwa kwake kunamveka mpaka ku kantini.

"Mwadzuka bwanji, a Pawluk," anatero Bernice ali chagada. "Ndimadziwa kuti mundipatsa moni, koma osati chonchi."

Lorna anafika pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Sanaseke. Anaitana ana onse kuti azungulire.

"Mwaona zimene achita agogo awa? Lamulo loyamba n'lotani?"

"Ukamagwa, igwa wekha," anayankha anawo pamodzi.

"Lachiwiri?"

"Wogwa sitimupatsa dzanja."

"Chifukwa chiyani?"

"Amakoka."

Tsiku limenelo sanaphunzire china koma kugwa ndi kudzuka. Pindani mawondo ngati mukufuna kukhala pa mpando, gwerani chammbali pa ntchafu, chibwano pachifuwa, zala zipindidwe kuti mnzanu angazidutse ndi mpeni. Podzuka, gwadani, phazi limodzi kutsogolo, manja onse pa bondo limenelo, kankhani. Orest, munthu woti anagoletsapo zigoli mano awiri atathyoka, anakhalira kudzigwetsa ndi kudzidzutsa pakati pa tiana ta mamina. Pamwamba, pa windo la kantini, anzake akale a m'timu anali atasiya khofi wawo kuti azizire.

Wamkulu wa osekawo anali Wendell, amene amasalaza ayezi ndi makina komanso kunola nsapato za a hoke m'kachipinda kake ka pansi pa masitepe. Iye ndi Orest anasewera limodzi kuyambira ku pulayimale.

"Aise," anatero Wendell, Orest akuvula nsapato, "siketi tikuitanitsire sayizi yanji? Tikufuna tisonkherane."

"Ya mlongo wako indikwana."

"Ukalamba ndi manyazi iwe."

Masabata anapita. Kunena zoona, Orest sanali mbuli. Anaphunzira kutsegula ndi kutseka mapazi mpaka mipeni ijambule timandimu pa ayezi, kupita kutsogolo ndi kubwerera chambuyo. Anaphunzira kukankha ndi mbali ya mpeni, osati ndi zala za phazi. Anayamba kuima ndi mwendo umodzi, winawo uli m'mwamba kumbuyo, ngakhale kuti ankaoneka ngati munthu wodumpha mpanda wa waya. Lorna ankati msana uwongoke, mutu m'mwamba, thupi likhale pakati pa mpeni. Akatero zinkayenda bwino. Koma akangoiwala pang'ono, hoke ija inkadzuka m'thupi, ankawerama, mano n'kuluma, iye pansi. Ana anaphunzira kumutalikira. Mawondo ake anasanduka obiriwira chifukwa cha kugwa, ndipo m'mawa ankatsika pa bedi motukwana.

Tsiku lina pambuyo pa Khirisimasi, atagwa mpaka kutopa, anatsikira kwa Wendell nsapato zili m'manja.

"Taona izi. Dzino la pansi ili ndi limene likundipha. Sungalichepetse pang'ono?"

Wendell anazitembenuza. Nsapato za ovina anali asananolepo, poti Lorna zake ndi za ana a m'kalasi mwake ankazitumiza ku Saskatoon, ndipo zimenezi zinkamuwawa Wendell mumtima kuyambira kalekale.

"Kuchepetsa? Ine ndingochotseratu. Mpeni wa mano ndi wodulira buledi."

Anayatsa makina. Sanachedwe. Dzino la pansi linatha, lotsatira linatha, ndipo pofuna kuti ntchito ioneke yaukhondo anasalaza kutsogolo konse mpaka kunakhala kozungulira bwino ngati kwa hoke. Orest anapitsapo chala n'kumva mtima uli m'malo. Sanaganize n'komwe kuti nsapatozo si zake.

Loweruka lotsatira sanagwe n'kamodzi komwe. Lotsatiranso chimodzimodzi. Ankazungulira bwalo mwaliwiro, atawerama mmene thupi lake limafunira, palibe chomuluma. Ana ankamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Lorna ankamuyang'ananso, koma nkhope yake sinkasonyeza kukondwa, ndipo Orest ankangoti n'chifukwa cha chiuno.

"Popeza mwasiya kugwa," anatero Lorna, "tiyeni tione ngati mungagwire munthu. Bernice, bwera."

Anawaonetsa kagwiridwe kake: ayang'anizane, dzanja lamanja la Orest pa msana wa Bernice, lamanzere ligwire dzanja lake m'mwamba, chikhatho chotambasula, osafinya. Bernice azipita chambuyo, Orest kutsogolo. Anayamba bwino. Koma Orest anawonjezera liwiro, anawerama, kulemera kwake konse kunapita kutsogolo kwa mpeni kumene kunalibenso choletsa. Atafika pokhota, phazi linangochoka. Zala zake zinatseka pa juzi ya Bernice zokha, ndipo anagwa onse awiri, Bernice pansi, Orest pamwamba. Mayiyo anagwera mbali ya kumanzere, pachiuno penipeni, n'kukhala kanthawi asanadzuke.

Bernice atadzuka n'kukakhala pa benchi, Lorna anaima pafupi ndi mwamuna wake amene anali adakali pansi.

"Takwezani phazi."

Orest anakweza. Lorna anayang'ana mpeniwo, n'kuuza ana kuti kalasi yatha, apite kwa makolo awo.

M'galimoto, atadutsa nkhokwe za tirigu, Orest ndiye anayamba.

"Linali dzino limodzi lokha limene ndimafuna. Wendell ndi amene anapitirira."

"Nsapato za Emile."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Munthu uja anazisunga zaka zonse zija, mkazi wake n'kundipatsa ine, ine n'kukupatsani inu. Mwazisandutsa za hoke." Mawu ake sanakwere. "Ndipo mano aja si amene amakugwetsani. Amakuuzani kuti mwawerama. Ine ndimatha kunena mpaka pakamwa kuuma, inu osamva, koma mano aja mumawamva. Mwachotsa chinthu chokhacho chimene chimakuphunzitsani."

"Ndimangofuna kuti ndisagwe pamaso panu."

"Ndinakupemphani kuti musamagwe? Aliyense amagwa. Emile anagwapo tili pakati pa gule, anthu onse akuona, ine n'kupitiriza ndekha mpaka anandipeza. Ndinati muphunzire kugwa nokha. Lero likanakhala tsiku la chionetsero, amene anali pansi paja ndikanakhala ine." Anayang'ana kunja pa windo. "Nkhani ya gule ithere pompa. Ndakwiya nanu, Orest, ndipo ndikuopani."

Mawu omalizawo ndi amene anamulowa. Kukwiya anakuzolowera, m'banja la zaka zambiri mumakhala zimenezo. Koma kuti mkazi wake amamuopa anali asanamvepo, ndipo anachita manyazi oti chakudya chamasana sanachikhudze.

M'mawa mwake anapita kwa Bernice ndi mbale ya maperogi, timabanzi towiritsa toikamo mbatatesi mkati, amene anaphika yekha, ena ataphulika. Anamupeza atakhala chammbali pa sofa, chiuno chatupa koma fupa lili bwino. Anapepesa. Bernice anadya awiri kaye asanayankhe.

"Mchere wachepa. Koma ndamva. Ndiye mukufunanso chiyani? Nkhope imeneyo si ya kupepesa kokha."

"Nsapato za mano. Za Emile zatha ntchito. M'bokosi la kalabu muli za ana zokhazokha."

Bernice anayang'ana mapazi a Orest, n'kuyang'ana ake. M'tauni yonse, munthu wovina wa phazi lalikulu chonchi anali iye yekha. Anayamba kuseka mpaka anagwira pachiuno chifukwa cha ululu.

"Ndili nazo zakale. Koma ndi zoyera."

Kuno mwamuna amavala zakuda, mkazi zoyera, ndipo palibe amene anafunsapo chifukwa chake. Orest anayesa kuzemba.

"Polishi wakuda alipo kunyumba."

"Mukangoyerekeza. Zipite zoyera, zibwere zoyera, mano onse ali momwemo. Ndidzawawerenga."

Ku kalasi ya Loweruka Orest sanabwerereko, poti Lorna sanamuitane. Ankapita masana a pakati pa sabata, nthawi imene bwalo limakhala lopanda anthu. Tsiku loyamba anatsikira kwa Wendell atavala kale nsapato zoyera zija. Wendell anatsegula pakamwa kuti anene kanthu.

"Nena," anatero Orest. "Ukamaliza uvale nsapato zako. Unaononga ndiwe, ndiye ukhala mkazi wanga."

"Wapenga?"

"Ndikufuna munthu womugwira. Bernice ndamupweteka kale. Iweyo ukathyoka palibe odandaula."

Wendell anakana, anatukwana, anati ali ndi ntchito. Koma nkhani ya nsapato za Emile inali itafika kale kwa mkazi wake, ndipo kunyumba ankadya chakudya chozizira. Anavala.

Amene anaona amasimbabe mpaka pano: madala awiri a mimba, atagwirana ngati pa ukwati, wina nsapato zoyera, akuzungulira bwalo mopanda nyimbo. Pangano linali lakuti Wendell azimukola mwendo Orest nthawi ina iliyonse osamuchenjeza, ndipo Orest azigwa osamutenga. Wendell mbali yake ankaigwira mokondwa kwambiri. Mbali ya Orest ndi imene inkakanika. Mutu unkadziwa kuti atambasule zala, koma dzanja linali ndi nzeru zake za zaka makumi angapo. Wendell anagwa chagada, anagwa chammbali, anagwa mpaka batani la malaya linathothoka.

"Iwe, dzanja lakoli ndi la nkhanu?" ankatero ali pansi. "Tasiya munthu. Ukuopa chiyani? Ayezi ndi yemweyu unakulirapo."

Orest analiganizira funso limenelo akupukuta mipeni. Kugwa sankakuopa ayi. Chimene sankachifuna n'kukhala pansi yekha, anzake ali chilili n'kumamuyang'ana. Akagwa ndi wina, imakhala nkhani yoseketsa, ndipo anthu amaseka onse awiri. Sanamuuze Wendell zimenezi, chifukwa Wendell akanakazinena ku kantini.

Pang'onopang'ono mano aja anamuwongola msana. Ankati akawerama, amuluma, akawongoka, amusiya. Anayamba kumva pamene pali pakati pa mpeni, ndipo kukhota kunasiya kukhala nkhondo. Koma dzanja linali lidakali lomwe lija, mpaka tsiku lina chakumapeto kwa Febuluwale. Wendell anamukola pamene samayembekezera n'komwe, akukambirana za mtengo wa dizilo. Orest anapinda mawondo, anatambasula zala zonse, n'kugwera pa ntchafu. Anatsetsereka mpaka ku mpanda. Atatukula mutu anaona Wendell ali chiimire pakati pa bwalo, manja adakali m'mwamba, atagwira mphepo.

"Bwerezaninso."

Anali Lorna, ataima pakhomo la bwalo ndi chikwama chake. Kaya anayamba liti kubwera kudzaonera, palibe anadziwa, koma mtsikana wa ku kantini anati anali atazolowera kale kumukonzera khofi nthawi imeneyo. Amunawo anabwereza. Ulendo wina Wendell anagwa, maulendo ena anatsala ali chilili. Kenako anasiyiratu kugwa, ndipo anayamba kudandaula kuti mwendo wokolera watopa.

Lorna anakhala pa benchi n'kumanga zingwe za nsapato zake.

"Wendell, zikomo, pita ukanole za anzako. Za ana anga usadzazikhudze." Analowa pa ayezi n'kuima patsogolo pa mwamuna wake. "Za nsapato za Emile sindinakhululukebe. Mawa mukapepese kwa mkazi wake. Gwirani apa. Osafinya."

Orest anaika dzanja pa msana wake. Anazungulira bwalo pang'onopang'ono, ngati anthu onyamula poto wa madzi otentha.

Tsiku la chionetsero bwalo linadzadza, poti aliyense anamva kuti ndi chomaliza cha Lorna, ndipo ambiri mwa amayi okhala pa mabenchiwo anaphunzitsidwa ndi iye ali ana. Tiana tinavina, tina tinagwa, tina tinaiwala koyenera kupita n'kumangobayibitsa makolo. Kenako Bernice analengeza gule wotsiriza. Lorna anatuluka atavala diresi yake yabuluu. Pambuyo pake panatuluka Orest, buluku lakuda, malaya oyera, nsapato zoyera. Kuseka kunayambira ku benchi ya a hoke n'kuzungulira bwalo lonse. Wina anaimba likhweru.

"Msana," anatero Lorna chapansipansi.

Nyimbo inayamba. Sanachite zodabwitsa ayi. Kukankha, kutsetsereka, kukhota, kukankhanso, zinthu zimene mwana wa chaka chachiwiri m'kalabu amachita akutafuna chingamu. Koma ankayenda pamodzi, mipeni ikulira kamodzi, ndipo kuseka kuja kunatha kokha. Anamaliza kuzungulira koyamba. Ali mkati mwa kwachiwiri, Orest anaona nkhope ya mkazi wake chapafupi. Ankamwetulira kumwetulira kuja kumene iye zaka zonsezi ankangokuonera patali, ali pa benchi, kukupita kwa Emile. Anasangalala kwambiri, ndipo anaweramira kutsogolo kuti aone bwino.

Mano analuma.

Anamva phazi likuima, thupi likupitirira. Anamvanso zala zake zikuyamba kutseka pa nsalu ya diresi, pamwamba pa chiuno chomwe chija. Anazitambasula, dzanja lina analibweza msanga, anapinda mawondo n'kudziponyera kumbali kuti asamugunde miyendo. Anagwa koopsa, phewa ndi ntchafu, n'kutsetsereka chammbali mpaka pakati pa bwalo.

Lorna anadzandira kamodzi. Kenako anawongoka, anatembenuka n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo liwiro limene anali nalo linamutenga. Anakweza mwendo wamanja kumbuyo, manja atatambasula, n'kuyenda ndi mwendo wamanzere wokha, wa chitsulo uja, mokhota bwalo lonse kuchokera mbali ino mpaka mbali inayo. Kuyambira pa opaleshoni anali asanayesepo zimenezo. Orest anaonera ali pansi, yekhayekha pakati pa ayezi, tauni yonse ikuona, ndipo sanakumbuke n'komwe zochita manyazi.

Lorna anazungulira n'kudzaima pafupi naye, mipeni ikupala ayezi pang'ono. Nyimbo inali ikupitirira.

"Mwapweteka?"

"Phewa. Si kwambiri. Inu?"

"Ine ndili chilili."

Atatero anatambasula dzanja lake, n'kumupatsa. Tiana tija tinali titatsamira mpanda, ndipo tinaona bwinobwino aphunzitsi awo akuswa lamulo lachiwiri. Orest analiyang'ana dzanjalo.

"Taimani kaye," anatero.

Anagwada. Anaponya phazi limodzi kutsogolo, anaika manja ake onse awiri pa bondo lake, n'kukankha mpaka anaima. Anasasa ayezi pa buluku, anawongola msana, ndipo pamenepo m'pamene anagwira dzanja lija, chikhatho chotambasula. Nyimbo inali idakalipo yokwanira kuzungulira kamodzi.